Kodi BP ndi shuga zimasankha mtundu? Nkhani ya pa msika wa Lundazi

PA msika wa Lundazi munthu angamve zilankhulo zinai asanatsirize kugula ndiwo za tsiku limodzi. Mai wogulitsa nyemba akuitana m'Citumbuka, mnyamata wa kapenta akuyankha m'Cinyanja, wamalonda wocokera ku Migodi amene wadzagula nshawa akunenerera mtengo m'Cibemba, ndipo m'masitolo a Amwenye mumamveka Cigujarati. Pamalo pokumana mitundu yambiri cotere sipalephera nkhani za mitundu, ndipo masiku ano nkhani zimenezi zafika ndi ku matenda komwe.

Mudzamva wina akuti BP ndi nthenda ya Angoni cifukwa ca nyama ndi mowa. Wina akuti shuga ndi ya Amwenye ndi mabwana, munthu wa nsima ndi nkhwani siimugwira. Winanso akuti kwao kulibe matenda a mtima, amene amagwa mwadzidzidzi amakhala kuti aponyeredwa. Zambiri mwa izi ndi nthabwala za cimbuya, zosekera pa benci podikira makasitomala. Koma nthabwala ikalepheretsa munthu kupita kukapimitsa, pamenepo yasanduka nkhani ya tsamba lino.

Madotolo akhala akufufuza funso limeneli kwa zaka zoposa 60. Kusiyana anakupeza ndithu, koma osati pamene ambiri a ife timakufuna. Kuli pakati pa anthu amene makolo ao ndi a muno mu Africa ndi amene makolo ao anacokera ku India ndi maiko oyandikana nalo. Gulu lirilonse lili ndi khomo lace limene matenda a mtima amakonda kulowera, ndipo kudziwa khomo lako kumathandiza kuti udziwe coyamba kupimitsa.

Mtumbuka, Mcewa ndi Mngoni

Tiyambe ndi mitundu yathu ya konkuno. Angoni anaoloka mtsinje wa Zambezi m'caka ca 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo pa ulendo wao wonse anali kutenga anthu a mitundu imene anaipeza m'njira, makamaka akazi ndi ana, ndi kuwasandutsa Angoni. Ndico cifukwa cace Mngoni wa kwa Magodi lero amalankhula Citumbuka, pamene wa kwa Mpezeni ku Chipata cilankhulo cace cinatsata Cinsenga ca amai amene analera makolo ace. Papita zaka pafupifupi 190 mitundu imeneyi ikukwatirana.

Onjezani kuti mtundu timauwerenga mwa mwambo. Acewa amatsata kucikazi, Atumbuka ndi Angoni kucimuna. Mwana wa bambo Mngoni ndi mai Mcewa mbali zonse ziwiri zimati ndi wao, pamene thupi lace linatenga theka kuno theka uko. Impso zace sizidziwa dzina la mfumu imene inalembedwa pa citupa cace.

Tsidya la malire a Lusuntha, ku Malawi, kunacitika kafukufuku wamkulu pakati pa 2013 ndi 2016. Bungwe la MEIRU linapima anthu akulu-akulu pafupifupi 29,000, ena m'midzi ya kum'mwera kwa Karonga kumene amalankhula Citumbuka, ena ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe kumene cimamveka ndi Cicewa. Pa amai, BP yokwera inapezeka mwa 14 pa 100 alionse, kumudzi ndi kutauni cimodzimodzi. Pa amuna inali 13 kumudzi ndi 16 kutauni. Cimene cinasiyana kwambiri ndi kulemera kwa thupi: amai onenepa mopitirira anali 27 pa 100 ku Karonga koma 44 ku Lilongwe, amuna 9 kumudzi ndi 18 kutauni. Apa cinalekanitsa anthu ndi malo okhala, nchito ndi cakudya. Ndipo onani kuti BP yafika kale kumudzi. Amene amati akapuma nchito adzaithawira kwao akaipeza itawatsogolera.

Zimene zinaoneka ku Kampala ndi ku London

Kusiyana kweniweni kunaonekera poyera ku Uganda. M'caka ca 1959 Dr. Gerald Shaper wa pa sukulu ya madotolo ya Makerere, pamodzi ndi mnzace Jones, analemba za anthu a mu mzinda wa Kampala. Pakati pa anthu akuda, nthenda ya kutsekeka kwa mitsempha ya mtima inali yosowa kwambiri. Pakati pa Amwenye a mu mzinda womwewo inali imodzi mwa nthenda zazikulu zopha amuna. Magazi a Amwenyewo anali ndi mafuta ochedwa kolesterolo oculuka, ndipo m'zakudya zao munali mafuta ambiri kuposa m'zakudya za anthu akuda a nthawi imeneyo.

Nthenda imeneyi imacitika motere. Mtima, ngakhale umapopa magazi a thupi lonse, uli ndi timitsempha tace timene timaudyetsa. Mafuta akamaunjikana m'kati mwa timitsempha timeneti, njira imacepa pang'ono-pang'ono monga paipi ya madzi yadzimbiri. Tsiku lina magazi amaundana pamalo opanikizawo, njira n'kutsekeka, ndipo mbali ya mtima imafa. Munthu amene m'mawa anatsegula sitolo ali bwino-bwino, madzulo anthu ali pa maliro.

Ku London, kumene azungu, Amwenye ndi anthu akuda amakhala m'makwalala amodzi ndi kupita ku zipatala zimodzi, zinthu zinaoneka bwino koposa. M'caka ca 1991 Dr. Paul McKeigue ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atapima anthu a zaka 40 mpaka 69. Nthenda ya shuga inapezeka mwa azungu 4 pa 100 alionse, koma mwa Amwenye 19. Cimene cinawadabwitsa n'cakuti Amwenyewo sanali olemera kuposa azungu pa sikelo. Kusiyana kunali pamene mafuta anakhala: pa mimba.

Pali nkhani ina yoseketsa koma yophunzitsa. M'caka ca 2004 madotolo awiri a nthenda ya shuga, Dr. John Yudkin wa ku London ndi Dr. Chittaranjan Yajnik wa ku Pune ku India, anajambulitsa cithunzi ataima limodzi ndi kucitumiza ku magazini ya madotolo ya The Lancet. Poyerekeza kulemera ndi msinkhu, awiriwa anali ofanana ndendende. Koma atapimidwa ndi makina, mafuta m'thupi la mzunguyo anali 9 pa 100, pamene m'thupi la Mmwenyeyo anapitirira 21 pa 100. Tisaiwale kunena kuti mzunguyo anali wothamanga mipikisano ya mitunda italiitali, pamene mnzaceyo kuthamanga kwace kunali kothamangira lifiti ya pa cipatala. Komabe phunziro linamveka: sikelo ingamnamize munthu.

Mafuta a m'mimba ndi amene amazinga ciwindi ndi matumbo, ndipo amalepheretsa thupi kugwiritsa nchito shuga bwino. Shuga ikaculuka m'magazi imaononga mitsempha, ndipo mtima umabvutika msanga. Kafukufuku wochedwa INTERHEART, amene anacitika m'maiko 52, anaonetsa kuti anthu a ku India ndi maiko oyandikana nalo mitsempha ya mtima imawatsekeka koyamba ali ndi zaka pafupifupi 53, pamene anthu a m'maiko ena ndi zaka pafupifupi 59.

Amwenye a m'Cigawo ca Kum'mawa anayamba kufika ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kucokera ku Gujarat, ndipo kenaka anatsegula masitolo ku Lundazi, Katete ndi Petauke. Zidzukulu zao ndi nzika za Zambia zobadwira konkuno, zina zolankhula Citumbuka cosalala kuposa ana athu a ku Lusaka. Koma thupi limasunga zimene linatengera. Kwa banja lotere, bambo wowonda manja ndi miyendo koma wa kamimba kotsogola asadzione ngati wopulumuka, ndipo asadikire imvi kuti akapimitse shuga.

Izi sizitanthauza kuti shuga ndi ya Amwenye okha. Ku Britain malangizo a zaumoyo amalimbikitsa Amwenye ndi anthu akuda omwe kuti ayambe kufufuzidwa za shuga ali ndi zaka 25, pamene azungu amayambira pa 40. Muno m'Zambia, kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza shuga yokwera mwa anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka 18 mpaka 69.

Khomo la munthu wakuda

Kwa ife a makolo a mu Africa, khomo lalikulu ndi BP. Imayamba msanga, imakwera kwambiri, ndipo m'malo motseka mitsempha ya mtima imakonda kuphulitsa kapena kutseka mtsempha wa mu ubongo, kutopetsa mtima mpaka kutupa, ndi kupha impso. Kaundula wa odwala sitiroko wa kum'mwera kwa London anaonetsa m'caka ca 1999 kuti anthu akuda anali kugwidwa ndi nthendayi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu okhala nao m'dera limodzi. Ife sitifunika kupita kutali cotero. Mtsogoleri wa dziko lino Levy Mwanawasa anagwidwa ndi sitiroko pa msonkhano ku Egypt mu June 2008, namwalira ku Paris pa 19 August caka comweco. M'komboni iriyonse muli nyumba imene muli bambo kapena mai wokoka mwendo, wakufa dzanja limodzi.

Cimodzi mwa zifukwa zace cili mu impso. Anthu akuda ambiri ali ndi impso zosunga mcere m'malo moutaya msanga m'mkodzo. Mcere ukatsala m'thupi umakoka madzi, magazi amaculuka m'mitsempha, ndipo mtima umapopa mokakamiza. Anthu awiri angadye mbale imodzi ya ndiwo zowawa mcere, wina BP n'kukwera pang'ono, wina n'kukwera kwambiri. Ubwino wace ndi wakuti munthu wotereyu ndi amenenso amapindula koposa akacepetsa mcere.

Nkhani imeneyi imakhudza ndi mankhwala omwe. Madotolo anazindikira kale kuti mankhwala a gulu la enalapril, akaperekedwa okha, satsitsa BP ya munthu wakuda monga momwe amatsitsira ya mzungu. Amene amagwira bwino ndi a gulu la amlodipine ndi nifedipine, ndi mapiritsi okodzetsa aja ambiri amawacha a madzi. M'caka ca 2019 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wochedwa CREOLE, wotsogozedwa ndi Dr. Dike Ojji wa ku Abuja, amene anayesa odwala oposa 700 m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique. Anapeza kuti pamene odwala anapatsidwa mankhwala awiri ophatikiza, BP inatsika bwino koposa ngati amodzi mwa awiriwo anali amlodipine.

Pano ticenjeze. Amene akumwa enalapril asataye mapiritsi cifukwa ca nkhani ino. Mankhwala amenewa amateteza impso za odwala shuga ndipo amathandiza mtima wofooka, ndiye dotolo angakhale anawasankha dala. Koma mai amene ali ndi pakati kapena akufuna kutenga pakati auze anamwino msanga, cifukwa enalapril amaononga mwana wosabadwa. Ndipo amene wamwa mankhwala amodzi miyezi ingapo BP osatsika, ali ndi ufulu wofunsa ku kiliniki ngati sangawonjezeredwe ena.

Magazi amodzi, malo osiyana

Wina angafunse kuti, ngati zili m'magazi, ndibvutikirenji? Funso limeneli linayankhidwa kale. M'caka ca 1929 Dr. Donnison, amene anali kugwira nchito pafupi ndi nyanja ya Victoria ku Kenya, analemba kuti pakati pa anthu a kumeneko BP yokwera sinali kuoneka, ndiponso siinali kukwera munthu akamakalamba. Patapita zaka 60, madotolo ena analondola anthu a mtundu wa Luo ocokera m'midzi ya dera lomwelo kupita ku Nairobi. M'miyezi yocepa cabe atafika m'tauni BP yao inali itakwera kuposa ya abale ao otsala kumudzi, thupi litalemera, ndipo mkodzo wao unaonetsa kuti anali kudya mcere wambiri. Mtundu sunasinthe pa basi.

M'caka ca 1997 Dr. Richard Cooper wa ku Chicago ndi anzace anayerekeza anthu amene makolo ao onse anacokera kumadzulo kwa Africa, ena otsala kwao, ena zidzukulu za amene anatengedwa ukapolo. BP yokwera inapezeka mwa 16 pa 100 ku Nigeria ndi Cameroon, 26 ku zisumbu za Caribbean, ndi 33 ku America. Kafukufuku wa INTERHEART uja anapezanso kuti zinthu zisanu ndi zinai, monga fodya, mafuta a m'magazi, BP, shuga, mimba yaikulu ndi kusagwiritsa nchito thupi, ndizo zimacititsa pafupifupi 90 pa 100 ya ngozi ya kutsekeka kwa mitsempha ya mtima, ndipo zinali zomwezo m'mitundu yonse. Cimene munthu anatengera kwa makolo cili ngati nkhuni zouma. Moto umacokera m'mbale, m'botolo ndi m'paketi ya fodya.

Tibwerere pa msika

Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi theka la anthu anali asanapimidwepo cibadwire. Anapezanso kuti munthu mmodzi anali kudya magalamu 9.5 a mcere pa tsiku, pamene bungwe la WHO limati asafike magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira. Kasupuni kameneka ndi ka tsiku lonse, kuyambira phala la m'mawa mpaka nsima ya usiku.

Mcere woonjezerawo suli kutali. Uli m'nsomba zouma zothira mcere, m'timakyubu ta supu, m'kapaketi ka ufa wokometsera kamene kamabwera ndi soya, m'buledi, m'soseji ndi m'poloni. Uli m'cizolowezi cothira mcere pa mbale usanalawe, ndi m'kamulu ka mcere ndi tsabola pambali pa nyama yoocha. Uli ngakhale m'soda wophikira therere, amene sawawa ngati mcere koma m'thupi amacita nchito yomweyo. Mai amene amati iye sathira mcere wambiri kawirikawiri amanena zoona. Sanawerengere kyubu ndi soda.

Ndiye pali mafuta. Zitumbuwa ndi cipisi zimakazingidwa m'mafuta amene abwerezedwa mpaka kuda, ndipo ndizo cakudya ca masana ca wogulitsa amene sangasiye benci yace. Amakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akumwa tiyi wa masupuni anai a shuga kapena cakumwa ca m'botolo, ndipo pobwerera kunyumba amakwera njinga yamoto pa mtunda umene amai ace anali kuyenda pansi atasenza dengu. M'sitolo ya Mmwenye moyo ndi womwewo: kukhala kuseri kwa kauntala tsiku lonse, ndi samusa ndi tiyi wa mkaka wotsekemera. Mbale n'zosiyana, koma zonse zikupita kumodzi.

Codabwitsa n'cakuti mankhwala ena ali pa msika womwewo. Nyemba za Lundazi n'zochuka dziko lonse, ndipo ku Soweto Market ku Lusaka anthu amazifunsa ndi dzina. Nshawa, nkhwani wotendera, bonongwe, kholowa, mbatata ndi ufa wa mgaiwa ndi zakudya zimene madotolo a mtima amalimbikitsa kwa Mmwenye ndi munthu wakuda yemwe. Ife timakweza matumba a nyemba pa lole, ndalama zace n'kugulira mabanzi ndi soseji, n'kumati tatukuka. Nsomba youma ya mcere ingabviikidwe m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike. Mcere ukamacepetsedwa pang'ono-pang'ono, m'masabata ocepa lilime limazolowera ndipo a m'nyumba amaleka kudandaula.

Pali nthenda inanso ya mtima imene imaoneka ngati ya anthu akuda pamene kwenikweni ndi ya umphawi. Imayamba ndi zilonda za pakhosi mwa ana a msinkhu wa sukulu, ndipo zikapanda kucizidwa zimaononga zitseko za m'kati mwa mtima. Imafala kumene ana ambiri amagona m'cipinda cimodzi. Kale inali yofala ku Ulaya, ndipo inacepa nyumba zitakula ndi penisilini atapezeka. Mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi apite ku kiliniki, osangompatsa panado.

Zimene dotolo afuna kudziwa

Mukafika ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ca Lundazi, funso lothandiza si la mtundu wanu koma la banja lanu. Kodi bambo, mai, mlongo kapena mbale wa mimba imodzi anadwalapo shuga, BP kapena sitiroko? Alipo anamwalira mwadzidzidzi asanakalambe? Funsani akulu-akulu a m'banja musanapite, ndipo muwerengere mbali zonse ziwiri, kucimuna ndi kucikazi, posayang'ana kumene mwambo wanu umatsata. Imfa zija zimene pa maliro anati n'zoponyeredwa muziwerengerenso.

BP yoyambira 140 pa 90 kukwera, ikapezeka pa masiku osiyana, ndi nthenda. Kawirikawiri siipweteka mutu ndipo siicititsa cizungulire, cotero kudzimva bwino si umboni. Mankhwala ace si a malungo akuti ukatsiriza wacira. Amene amasiya BP ikatsika ndi amene amagwa patapita miyezi.

Kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi, ndi kulephera kulankhula bwino ndi zizindikiro za sitiroko. Kupweteka kopanikiza pa cifuwa, kofika ku dzanja kapena ku nsagwada, kodza ndi thukuta, ndi cizindikiro ca mtima. Zonsezi n'zothamangira ku cipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Wodwala akafunika kutumizidwa ku Chipata Central Hospital pali makilomita pafupifupi 180 oti ayende, ndiye maola otayidwa pofuna woombeza sabwerera.

Pali muyeso umodzi umene mungacite lero popanda kulipira. Bwerekani tepi kwa telala wa pa msika, imani cilili, tulutsani mpweya osakoka mimba, ndipo zungulizani tepiyo pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'ciuno, osati pamene pamakhala lamba wa buluku. Malire amene bungwe la International Diabetes Federation linaika m'caka ca 2005 ndi masentimita 80 kwa amai onse, 94 kwa bambo wakuda ndi 90 kwa bambo wa Cimwenye. Amene wafika pamenepo kapena kupitirira akapimitse BP ndi shuga mwezi uno, ndipo popita kukapimitsa shuga apite m'mawa asanadye kanthu.